Momwe Linux idasamukira ku makina a 64-bit

Pomwe Linus Torvalds, wophunzira wa zaka 21 pa yunivesite ya Helsinki m'dziko la Finland, ankalengeza pa 25 Ogasiti 1991 kuti akulemba pulogalamu yake yoyendetsa kompyuta, adachenjezeratu anthu kuti asayembekezere zazikulu. Iye adanena poyera kuti ntchitoyo ankangoichita mwa kukonda, ndipo kuti pulogalamuyo idamangidwa mokhulupirira purosesa imodzi yokha, ya Intel 386, yomwe idali m'kompyuta yake.

Lero pulogalamu yomweyo, Linux, ndiyo phata la foni iliyonse ya Android, ndiyo imayendetsa gawo lalikulu la makompyuta osunga zinthu za pa intaneti, ndipo kuyambira Novembala 2017 makompyuta onse 500 amphamvu koposa padziko lapansi akuyendera iyo. Ambiri mwa makinawa ndi a 64-bit, mtundu womwe Torvalds sadauganizire n'komwe poyamba. Purosesa ya 386 yomwe Linux idabadwirapo idachotsedwa pa mndandanda wa makina omwe imathandiza m'chaka cha 2013. Linux ikadakhalabe yomangika ku purosesa imeneyo, ikadatha nayo limodzi. Chidaipulumutsa ndi ntchito yovuta yoisamutsa, yomwe idatenga zaka zambiri komanso manja a anthu ambiri.

Tanthauzo la 32 ndi 64

Purosesa ndi kachipangizo komwe kamachita masamu onse m'kompyuta kapena m'foni. Imawerenga ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1, ndipo malo amodzi osunga chizindikiro chotere amatchedwa biti. Purosesa ya 32-bit imanyamula mabiti 32 nthawi imodzi, pomwe ya 64-bit imanyamula 64.

Kufunika kwa kusiyanaku kumaonekera pa memori, malo omwe kompyuta imaikapo zinthu zomwe ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Kachigawo kalikonse ka memori, kotchedwa bayiti, kali ndi nambala yake monga momwe nyumba kapena puloti imakhalira ndi nambala. Nambala imeneyi ndiyo adiresi. Ndi mabiti 32, maadiresi omwe angalembedwe ndi 4,294,967,296 basi, omwe ndi 4 GB. Kupitirira apo, ngakhale munthu atagula memori yochuluka motani, purosesa ilibe nambala yoitanira malo owonjezerawo mwachindunji.

M'chaka cha 1991 malirewa ankaoneka ngati ali kutsidya kwa nyanja, poti kompyuta ya Torvalds idali ndi memori ya 4 MB yokha, kuchepa pafupifupi ka 1,000 poyerekeza ndi malirewo. Koma zaka khumi zisadathe, makampani osunga nkhokwe zikuluzikulu za mauthenga ndi asayansi adayamba kugunda khoma. Kampani ya Intel idayesa kuzembetsa vutoli kuyambira pa purosesa ya Pentium Pro ya 1995, pomwe idaika njira yotchedwa PAE yolola makina kukhala ndi memori yofika 64 GB. Komabe pulogalamu iliyonse payokha inkaonabe 4 GB yokha, ndipo pa Linux gawo la 1 GB mwa iyo linkasungidwira kernel, kusiyira pulogalamuyo 3 GB.

Biti iliyonse yowonjezera imachulukitsa maadiresi kawiri. Choncho 64-bit si kuwirikiza 32-bit kawiri ayi, koma ndi kuiwirikiza ka mabiliyoni anayi ndi kupitirira. Maadiresi ake ndi 18,446,744,073,709,551,616.

Chifukwa chake kusamutsa kumavuta

Mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta umatchedwa kernel. Ndiyo imagawa memori, imasankha pulogalamu yomwe igwire ntchito panthawi iliyonse, ndiponso imayankhula ndi zipangizo monga disiki, kiyibodi ndi netiweki. Popeza imakhudzana ndi purosesa mwachindunji, kernel imadziwa zizolowezi zonse za purosesayo, ndipo olemba ake amafika pozitenga zizolowezizo ngati malamulo achilengedwe.

Gawo lalikulu la Linux lidalembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa C. Pulogalamu ina, yotchedwa compiler, ndiyo imamasulira zolembedwazo kukhala malangizo omwe purosesa imamva. Munthu angaganize kuti chofunika ndi kungopeza compiler yodziwa purosesa yatsopano, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma compiler imamasulira zomwe zalembedwa, siikonza zomwe wolemba adangoziganizira mumtima osazilemba. Ntchito yeniyeni yosamutsa ndiyo kusaka malingaliro obisikawo m'mizere zikwizikwi ya khodi.

Chitsanzo chodziwika kwambiri chikukhudza kukula kwa nambala. M'chiyankhulo cha C muli mitundu ya nambala yotchedwa int ndi long, komanso pointer, yomwe imasunga adiresi ya pa memori. Pa makina a 32-bit zitatu zonsezi zinkatenga mabiti 32 chimodzimodzi, motero olemba mapulogalamu adazolowera kuika adiresi mu int popanda chovuta chilichonse. Pa makina a 64-bit oyendera Linux, int idatsalabe pa mabiti 32 pomwe long ndi pointer zidakwera kufika pa 64. Zikufanana ndi fomu yokhala ndi timabokosi tochepa pomwe nambala yoti ilembedwepo ndi yaitali: manambala ena amatsala kunja. Adiresi yodulidwa theka imaloza malo olakwika, ndipo pulogalamu imatha kuzima kapena kuononga zinthu zina mwakachetechete. Choopsa n'chakuti vutoli limabisala malinga ngati adiresiyo ili yaing'ono, n'kudzatulukira tsiku lomwe makina adzadze ndi ntchito.

Palinso vuto lotembenuka. Pali nambala zina zomwe siziyenera kukula n'komwe, monga zolembedwa pa disiki kapena zotumizidwa pa netiweki, poti makina ena akuyembekeza kuziwerenga momwe zidalili kale. Nambala zoterezi zikadakula pamodzi ndi long, disiki yolembedwa pa kompyuta imodzi sikadawerengeka pa inzake. Ichi n'chifukwa chake khodi ya kernel imagwiritsa ntchito mayina onena kukula kwa nambala mosabisa, monga u32 ndi u64, paliponse pomwe kukulako sikuyenera kusintha.

Alpha, dziwe lachiwiri

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo dziwe lachiwiri la Linux lidapezeka mu Meyi 1994 mumzinda wa New Orleans ku America, patangopita miyezi iwiri Linux 1.0 itatuluka. Kumeneko kudali msonkhano wa ogwiritsa ntchito makina a kampani ya Digital Equipment Corporation, yodziwika ndi dzina lachidule la DEC, ndipo Torvalds adaitanidwa kukayankhula. Mmodzi mwa ogwira ntchito ku kampaniyo, Jon Hall, adachita chidwi ndi zomwe adaona ndipo adakonza zoti kompyuta ya purosesa ya Alpha itumizidwe ku Helsinki. Purosesa imeneyi, yomwe DEC idatulutsa mu 1992, idali ya 64-bit kuchokera pachiyambi ndipo idali m'gulu la zothamanga kwambiri panthawiyo.

Torvalds adakana njira yachidule yokopera khodi yonse n'kuisintha kuti pakhale Linux ya Alpha yodziimira payokha. Akadatero, cholakwika chilichonse chikadafunika kukonzedwa kawiri, ndipo m'kupita kwa nthawi nthambi ziwirizo zikadatalikirana mpaka kusadziwana. M'malo mwake adasunga khodi imodzi, n'kupatula zonse zodalira purosesa kuti zikhale m'zigawo zawozawo pansi pa foda yotchedwa arch, china cha i386, china cha alpha. Zotsala zonse zidayenera kulembedwa mosakondera purosesa iliyonse.

Alpha idali mphunzitsi wankhanza. Purosesa ya 386 inkagawa memori m'masamba a 4 KB, pomwe Alpha inkagwiritsa ntchito a 8 KB, choncho paliponse pomwe wina adalemba nambala 4096 mwachindunji padayenera kufufutidwa. Pofuna kudziwa komwe tsamba lililonse lili, 386 inkadutsa m'matebulo a magawo awiri, pomwe Alpha inkafuna atatu. Yankho lidali kulemba khodi ya onse ngati kuti makina aliwonse ali ndi magawo atatu, kenako pa 386 gawo lapakati n'kulipinda kuti lisaoneke.

Nkhani ina idali ya malo oyambira nambala. Purosesa ya 386 inkalola kuwerenga nambala ya mabayiti anayi kuchokera pa adiresi iliyonse, koma Alpha inkafuna kuti adiresiyo ikhale yogawika ndi 4, apo ayi inkaima n'kuitana kernel kuti ithandize, zomwe zinkadya nthawi. Izi zidavumbulutsa zinthu zomwe palibe ankazilabadira. Mwachitsanzo, mutu wa uthenga wa pa netiweki ya Ethernet uli ndi mabayiti 14, nambala yosagawika ndi 4, motero zonse zobwera pambuyo pake zimagwera pamalo opendekera. Mpaka lero khodi yambiri ya netiweki mu Linux imasiya mabayiti awiri opanda kanthu kumayambiriro pofuna kuwongola zimenezi.

Linux 1.2, yomwe idatuluka mu Malichi 1995, idali kale ndi zoyambira za Alpha, SPARC ndi MIPS, ndipo pofika Linux 2.0 mu Juni 1996, Alpha idali itakhazikika. Torvalds adalemba za ntchitoyi m'kafukufuku wake wa digiri yachiwiri wa 1997, wotchedwa Linux: A Portable Operating System. M'chaka chomwecho kampani ya Digital Domain idagwiritsa ntchito makompyuta ambiri a Alpha oyendera Linux pokonza zithunzi za filimu ya Titanic. Kampani ya DEC idagulidwa ndi Compaq mu 1998, ndipo Compaq nayo idamezedwa ndi Hewlett-Packard mu 2002. Alpha idasiya kupangidwa, koma dongosolo lomwe idakakamiza Linux kukhala nalo lidatsala.

Njira ziwiri zopita ku 64-bit

Alpha idali ya makampani ndi mayunivesite. Funso lalikulu lidali la makompyuta wamba a m'maofesi ndi m'nyumba, omwe ankayendera mapurosesa a banja la x86, mbadwa za 386. Apa makampani awiri adatenga njira zosiyana.

Intel, mogwirizana ndi Hewlett-Packard, idaganiza zoyambiratu mwatsopano ndi purosesa ya Itanium, ya malangizo osiyana kotheratu ndi a x86. Makampani angapo adagwirizana mu 1999 kusamutsira Linux ku purosesayi pa ntchito yotchedwa Trillian, ndipo pomwe Itanium inkafika pamsika mu 2001, Linux idali yokonzeka. Vuto lidali lakuti Itanium inkadalira kwambiri nzeru za compiler kuti ithamange, ndipo mapulogalamu akale a 32-bit ankayenda mwaulesi pa iyo. Ogula omwe adataya kale ndalama zambiri pa mapulogalamu awo sadaone chifukwa chosamukira.

Kampani yaing'ono ya AMD idasankha kukulitsa nyumba yakale m'malo moigwetsa. Idalengeza za x86-64 mu 1999, n'kufalitsa tsatanetsatane wake mu Ogasiti 2000. Malangizo akale adasungidwa, koma timalo tosungiramo nambala m'kati mwa purosesa, totchedwa register, tidakulitsidwa kufika mabiti 64 ndipo chiwerengero chake chidakwera kuchoka pa 8 kufika pa 16. Chachikulu koposa, mapulogalamu a 32-bit ankatha kuyenda pa liwiro lawo lonse pansi pa kernel ya 64-bit.

Kumanga pa purosesa yomwe kulibe

AMD itafalitsa tsatanetsataneyo, purosesa yeniyeni idali isadapangidwe. Akatswiri a kampani ya SuSE ya ku Germany, pamodzi ndi anzawo ena, adayamba ntchito pogwiritsa ntchito mapulogalamu oyerekeza purosesa, omwe amatsanzira malangizo ake limodzilimodzi pa kompyuta wamba. Mapulogalamu otere amachedwa kwambiri poyerekeza ndi makina enieni, motero kuyesa kulikonse kunkafuna kudekha.

Ntchito yotere ili ndi ndondomeko yake yosadumphika. Choyamba pamafunika mgwirizano wolembedwa wonena momwe mapulogalamu adzapatsirane nambala, register iti inyamule chiyani, ndi kukula kwa mtundu uliwonse wa nambala. Mgwirizanowu umatchedwa ABI, ndipo ukangokhazikika susinthika mwachisawawa, poti pulogalamu iliyonse yomangidwa pambuyo pake imaudalira. Kenako compiler ya GCC iyenera kuphunzitsidwa purosesa yatsopanoyo, ntchito yomwe Jan Hubička wa ku Czech Republic adagwira gawo lalikulu. Pambuyo pake ndi pomwe pamabwera kernel, yomwe Andi Kleen adaitsogolera kwa zaka zingapo.

M'kernel, chovuta choyamba ndi kudzutsa makina. Purosesa ya x86-64 ikayatsidwa imayamba ngati purosesa ya 16-bit ya 8086 ya m'chaka cha 1978, ndipo iyenera kukwezedwa sitepe ndi sitepe mpaka kufika pa 64-bit. Matebulo a memori adafuna magawo anayi, kupatsa makina maadiresi a mabiti 48, omwe ndi 256 TB. Njira ya magawo atatu yochokera ku Alpha idakulitsidwa kukhala ya anayi kwa makina onse mu Linux 2.6.11 m'chaka cha 2005, ndipo gawo lachisanu lidawonjezedwa mu 2017. Kernel ikadzuka, pamatsala laibulale yaikulu ya C yomwe mapulogalamu onse amadalira, kenako mapulogalamu zikwizikwi oti amangidwenso limodzilimodzi, lililonse ndi zolakwika zake zobisika.

Gawo lotopetsa koposa lidali losunga lonjezo la AMD kwa mapulogalamu akale. Pulogalamu ya 32-bit ikapempha kanthu kwa kernel imatumiza fomu yake ya timabokosi tating'ono, pomwe kernel ya 64-bit imayembekeza fomu ya timabokosi tatikulu. Padayenera kulembedwa womasulira pakati pa ziwirizi pa pempho lililonse, kuphatikizapo mazana a mapempho apadera opita ku zipangizo zosiyanasiyana. Pano zidathandiza kuti omwe adasamutsira Linux ku SPARC ya 64-bit adakumana kale ndi vuto lomweli, ndipo khodi yawo idali poyera kwa aliyense.

Apa ndi pomwe ubwino wa pulogalamu ya khodi yotseguka udaonekera. AMD sidafunike kudikira chilolezo cha mwini wake wa Linux, ndipo aliyense wopeza cholakwika ankatha kuchikonza n'kugawira anzake. Mutu umodzi susenza denga. Gulu la NetBSD nalo lidachita chimodzimodzi: Frank van der Linden adalowetsa khodi ya x86-64 m'pulogalamu yawo mu Juni 2001, purosesa isadaoneke. Pomwe AMD inkatulutsa Opteron mu Epulo 2003, ogula adapeza Linux ya 64-bit ikuwadikira. Windows XP ya mapurosesa amenewa idafika mu Epulo 2005, zaka ziwiri pambuyo pake.

Mu 2004 Intel idagonja n'kuyamba kupanga mapurosesa otsatira njira ya AMD. Itanium idapitirira kwa zaka zina m'makina ochepa a makampani akuluakulu mpaka idasiya kutumizidwa kwa ogula mu 2021, ndipo khodi yake idachotsedwa mu Linux 6.7 kumayambiriro kwa 2024. Khodi ya x86 ya 32-bit ndi ya 64-bit, yomwe poyamba idali m'mafoda awiri, idaphatikizidwa kukhala imodzi mu Linux 2.6.24 ya Januwale 2008.

Phindu ndi mtengo wake

Walira mvula walira matope. Adiresi ya mabiti 64 imatenga malo owirikiza kawiri, choncho pulogalamu yomweyo imadya memori yochulukirapo ikamangidwa pa 64-bit. Pa x86-64 kutayaku kudabwezedwa ndi ma register owonjezera aja, omwe amachepetsa maulendo opita ku memori. Padabweranso phindu la chitetezo: mapurosesa atsopanowa adalola kuika chizindikiro pa masamba ena a memori kuti zomwe zili m'menemo zisayendetsedwe ngati malangizo, ndipo kuchuluka kwa maadiresi kudapangitsa kuti akuba a pa intaneti azivutika kulosera pomwe pulogalamu yaikidwa.

Msamuko womwewu udachitikanso pa mafoni. Kampani ya ARM, yomwe mapulani ake a purosesa ali m'mafoni pafupifupi onse, idalengeza mtundu wake wa 64-bit mu Okutobala 2011. Linux 3.7 idaulandira mu Disembala 2012, mafoni otere asadafike m'masitolo. Android 5.0 ya 2014 idali yoyamba kuthandiza 64-bit, ndipo kuyambira 1 Ogasiti 2019 kampani ya Google idalamula kuti mapulogalamu atsopano oikidwa pa Google Play akhale ndi mtundu wa 64-bit. Komabe mafoni ena otsika mtengo, a memori yochepa, akhala akugulitsidwa ndi Android ya 32-bit ngakhale purosesa yake ili yotha 64-bit, pofuna kusunga memori. Mwini foni yotere amatha kudabwa pulogalamu ina ikakana kulowa, pomwe mnzake wa foni yooneka chimodzimodzi akuigwiritsa ntchito bwinobwino.

Tsiku la 19 Januwale 2038

Pali ngongole imodzi ya nthawi ya 32-bit yomwe sidathe kubwezedwa. Linux ndi abale ake a banja la Unix amawerenga nthawi powerengera masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Pa makina a 32-bit chiwerengerochi chinkasungidwa m'nambala yomwe malire ake ndi 2,147,483,647. Malirewa adzakwana pa 19 Januwale 2038 nthawi ya 03:14:07 pa wotchi ya dziko lonse ya UTC, yomwe ku Malawi, Zambia ndi Mozambique idzakhala 05:14:07 m'mawa. Sekondi yotsatira, chiwerengerocho chidzatembenuka monga imachitira mita ya galimoto ikadzaza, ndipo makina osakonzedwa adzaganiza kuti ali mu Disembala 1901.

Makina a 64-bit oyendera Linux adapulumuka pa msamuko womwe uja, poti nambala ya nthawi idakula pamodzi ndi long ndipo tsopano ikwanira zaka mabiliyoni. Nkhawa ili pa makina ang'onoang'ono a 32-bit omwe amaikidwa n'kuiwalika kwa zaka makumi awiri kapena atatu, monga a m'mafakitale, m'magalimoto ndi m'zipangizo za netiweki. Nkhanga zidapangana kusadache: NetBSD idakulitsa nambala ya nthawi pa makina ake onse mu 2012, OpenBSD mu 2014, ndipo kernel ya Linux idamaliza mbali yake mu Linux 5.6 ya Malichi 2020, patatha zaka zingapo za ntchito yomwe Arnd Bergmann adali patsogolo pake.

Kukonza kernel kokha sikukwanira. Pulogalamu iliyonse ya 32-bit iyenera kumangidwanso kuti igwiritse ntchito nambala yatsopanoyo, ndipo mafayilo ndi nkhokwe za mauthenga zomwe zidasunga nthawi m'mabiti 32 ziyenera kusinthidwa pazokha. Gulu la Debian lidachita zimenezi pa mitundu yake ya 32-bit ya ARM mu Debian 13 ya Ogasiti 2025, ndipo m'kutulutsa komweko lidasiya kupereka njira yoikira Debian yatsopano pa makompyuta a x86 a 32-bit. Kwa masukulu ndi maofesi omwe akudalirabe makompyuta akale kwambiri, zimenezi zikutanthauza kuti mapulogalamu atsopano ndi zigamba za chitetezo zizinka zichepa chaka ndi chaka. Kwa ogula makina oti adzagwire ntchito kupitirira 2038, funso loyenera kufunsa wogulitsa lero ndi lakuti makinawo amasunga nthawi m'mabiti angati.